Safunsa Adadya Phula: Phunziro la RAM ya mu Seva

Pa tchuthi chapitachi ndidaononga ndalama za bambo anga, ndipo ndati ndilembe zimene ndidaphunzirapo kuti anzanga a kuno ku Nguludi, ngakhalenso makolo athu, asagwe m'mbuna yomweyo.

Kwathu tili ndi kompyuta yakale ya Dell OptiPlex imene amalume adatitumizira kuchokera ku Johannesburg. Idali ndi RAM ya 4GB yokha, choncho inkayenda mwaulesi. Bambo atagulitsa nandolo adandipatsa ndalama kuti ndikaonjezere. Ku Limbe ndidapeza munthu akugulitsa timabolodi ta 8GB pa mtengo wotsika modabwitsa, ndipo ndidagula tiwiri osafunsa zambiri. Kunyumba tidalowa bwinobwino m'malo mwake. Nditayatsa, fani idazungulira, koma sikirini idangoti bii. Bambo adangondiyang'ana osanena kanthu.

RAM nchiyani?

Hard disk ili ngati loka yosungiramo mabuku, pamene RAM ili ngati desiki yoyalapo mabuku amene ukuwerenga nthawi imeneyo. Desiki ikachepa, umataya nthawi kupita ndi kubwera ku loka. Nchifukwa chake kompyuta ya RAM yochepa imachedwa.

RAM ili ndi mibadwo yake. DDR3 idayamba kugulitsidwa mu 2007, ili ndi mano 240 ndipo imadya mphamvu ya 1.5 volts. DDR4 idabwera mu 2014, mano ake ndi 288, mphamvu 1.2 volts. Mpata umene uli pakati pa mano udaikidwa pa malo osiyana kuti munthu asalowetse mbadwo wina m'malo a unzake. Izi ndinkazidziwa, ndipo ndidaonetsetsa kuti ndagula DDR3. Chimene sindinkadziwa nchakuti mu mbadwo umodzi womwewo muli mitundu yosiyana, ndipo yonse imalowa m'malo amodzimodzi.

Mitundu itatu

Mtundu woyamba ndi wa makompyuta wamba a pa desiki. Purosesa imalankhula ndi tizipangizo takuda ta pa kabolodi mwachindunji.

Wachiwiri ndi wa ECC, umene umatha kuzindikira ndi kukonza kacholakwa kamodzi kakachitika m'manambala. Nzeru imeneyi idachokera kwa katswiri wa masamu Richard Hamming, amene adaifalitsa mu 1950 akugwira ntchito ku Bell Labs. RAM wamba imanyamula ma bit 64 nthawi imodzi, pamene ya ECC imanyamula 72, ndipo 8 oonjezerawo ndi ofufuzira zolakwa. Kawirikawiri mukawerenga tizipangizo ta mbali imodzi mupeza 9 m'malo mwa 8.

Wachitatu ndi umene amautcha registered, ndipo ndi umene umadzaza m'maseva, makompyuta akuluakulu aja osunga zinthu za mabanki ndi makampani. Pakati pa kabolodi pali kachipangizo kapadera kamene kamalandira malamulo a purosesa nkuwapereka kwa tinzake, monga mmene mfumu imalankhulira kwa anthu kudzera mwa nduna. Zimenezi zimapeputsa ntchito ya purosesa, kotero seva imatha kunyamula RAM yochuluka zedi. Koma purosesa iyenera kukhala yopangidwira dongosolo lotere. Core i3 kapena Core i5 ya pa desiki siidziwa kulankhula kudzera mwa nduna. Umu ndi mmene ine ndidagwera.

Nanga mtengo udatsikiranji? Makampani a kunja akasintha maseva, RAM yakale imatuluka yambirimbiri nthawi imodzi, koma ogula ndi ochepa poti siigwira m'makompyuta wamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chinsinsi chili pa kapepala

Kabolodi kalikonse kali ndi kapepala komatidwa. Pa tanga padalembedwa PC3-10600R. PC3 akutanthauza DDR3, ndipo chilembo chomalizacho ndicho chimanena zonse. U ndi RAM wamba. E ndi ya ECC yopanda kachipangizo kapakati kaja. R ndi registered.

Ya U ndiyo yoyenera kompyuta ya pa desiki. Ya E nthawi zambiri imayaka pa motherboard wamba, ngakhale ntchito yokonza zolakwa imakhala itazima, koma ma motherboard ena amaikana. Ya R imafuna makina a purosesa monga Xeon E5. Musanyengedwe ndi dzina la Xeon lokha, chifukwa Xeon E3 imalandira ya E koma ya R ayi. Ndiponso R ndi U sizisakanizidwa mu kompyuta imodzi.

Musanatulutse ndalama

Choyamba, tsekulani kompyuta mukopere zonse zolembedwa pa RAM imene ilimo kale, kapena ijambuleni ndi foni. Chachiwiri, fufuzani m'buku la kompyutayo kapena pa intaneti kuti motherboard yanu imalola RAM yochuluka bwanji. Chachitatu, gwirizanani ndi wogulitsa kuti mudzabweza ikakana, kapena nyamulani kompyutayo ayesere pomwepo. Polowetsa, zulani chingwe cha magetsi, gwirani kaye chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi atuluke, ndipo kabolodi kagwireni m'mphepete, osati pa mano.

Ine mwayi udandigwera. Mmisiri wina wokonza makompyuta adali ndi makina a Xeon E5, ndipo adavomera kutenga tanga tiwiri tija nkundipatsa tiwiri ta 4GB ta chilembo U. Ndidaluza theka la zimene ndidalipira, komanso ndalama ya minibasi maulendo awiri, koma kompyuta idayaka.

Kwa inu makolo, mwana akapempha ndalama ya RAM mufunseni funso limodzi: chilembo chomaliza pa kapepala nchiti? Akalephera kuyankha, ndalamayo isungeni kaye.