Chinyanja si chiphaso cha ntchito

Azakhali,

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi wochokera ku Dedza, ndipo za uphunzitsi ndinaphunzira ku Domasi. Mnzanga anandipezera ntchito pa sukulu ina yapulaiveti kuno ku Lusaka, moti ndikuchita lendi kanyumba kakuseri kwa nyumba ina ku Roma. Malipiro ndi abwinoko kusiyana ndi kwathu, koma mtima suli m'malo. Ana amaseka katchulidwe kanga ka Chingerezi, ndipo ndikawadzudzula m'Chichewa amati ndikulankhula ngati abusa pa guwa. Magetsi akazima ndimangokhala ndekhandekha ndi mulu wa makope. Kumudzi akuyesa ndikukolola ndalama. Za pemiti, a hedi amangoti zikukonzedwa, ndisadandaule poti Mmalawi sadziwika mu Lusaka. Ndinalowa ngati wodzacheza, ndipo mwezi wachitatu wayamba. Kodi ndipirire kapena ndibwerere?

Wothedwa nzeru, Roma

Aphunzitsi,

Kalata yanu mwaiyamba ndi kuseka kwa ana, nkhani ya pemiti n'kuiponya kumapeto ngati mwachita kuikumbukira mutatseka kale envulopu. Ine ndiyambira kumapetoko, chifukwa pa zonse mwatchulazi ndi yokhayo imene ingakugonetseni m'chitokosi.

Lusaka amanyenga Mmalawi. Mukangotsika basi pa Intercity, anyamata akukuitanirani m'Chinyanja, pamsika pali nkhwani ndi therere, maina ndi omwe aja: Phiri, Banda, Tembo, Mwale. Ndalama nayo dzina lake ndi kwacha. Posakhalitsa munthu amaiwala kuti pa chipata cha Mwami anadinditsa pasipoti. A hedi anu sakunama kuti mumsewu simudziwika, koma a Immigration akadzafika pa sukulu sadzamvetsera kalankhulidwe kanu. Adzatambasula dzanja kuti muwapatse mapepala.

Lamulo la Zambia la olowa ndi otuluka m'dziko sililola wodzacheza kugwira ntchito, ndipo masiku ochezawo sapitirira 90 pa miyezi 12. Tsegulani pasipoti lero lomwe muone tsiku limene anakulemberani, chifukwa mwina latsala pang'ono, mwinanso lapita kale. Chilolezo cha ntchito amafunsira ndi wolemba ntchito, ndipo masiku ano pempholo limapita pa intaneti. Ngati zikukonzedwadi, pali nambala ya pempho ndi lisiti ya ndalama zimene sukulu inalipira. Mawa m'mawa, ana asanalowe m'kalasi, gogodani ku ofesi, mupereke moni mwaulemu, kenako munene kuti: "Bwana, ndimapempha kope la lisiti ya pemiti yanga, ndilisunge pamodzi ndi pasipoti." Wochita zoona amatsegula dirowa nthawi yomweyo. Akayamba nkhani zakuti pali munthu amene amatithandiza kumeneko, dziwani kuti palibe chimene chinatumizidwa. Likulu la Immigration lili ku Kent Building, mumsewu wa Haile Selassie, ndipo kufunsa n'kwaulere. Safunsa anadya phula.

Pali zitseko zina ziwiri. Bungwe la Teaching Council of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndilo limalembetsa aphunzitsi onse, a boma ndi apulaiveti omwe, n'kuwapatsa chiphaso chophunzitsira. Satifiketi yanu ya ku Domasi nayo iyenera kutsimikizidwa ndi Zambia Qualifications Authority. Sukulu yolongosoka ikanakufunsani zimenezi musanagwire choko. Funaninso kontirakiti yolembedwa, monga lamulo la ntchito la 2019 limafunira, yonena malipiro, amene akulipira pemiti, ndi ndalama imene mudzalandire ntchito ikadzatha. Pepala la malipiro lizionetsa msonkho ndi ndalama za penshoni zopita ku NAPSA. Ndipo pasipoti musasungitse kwa abwana, ngakhale atakhala okoma mtima chotani.

Mukaona ngati ndikukuopsezani, kumbukirani banja la a Kaunda. David Kaunda anali mphunzitsi ndi mlaliki wochokera kwathu ku Malawi, amene mishoni ya Livingstonia inamutumiza ku Chinsali mu 1904. Mwana wake Kenneth anabadwira ku Lubwa mu 1924, ndipo analamulira Zambia kuyambira 1964 mpaka 1991. Komabe mu 1999 khoti lalikulu ku Ndola linagamula kuti iye si nzika ya Zambia, kaamba ka kumene makolo ake anachokera. Chigamulocho sichinakhalitse, koma ngati funso la mapepala linafika pakhomo pa munthu amene analamulira dzikolo zaka 27, lingalephere bwanji kufika pa kanyumba kanu? Nkhani yomweyi ikulimbitseninso mtima: aphunzitsi ochokera ku Malawi anayamba kale kuima patsogolo pa ana a ku Zambia, ndipo simunalowe m'kalasimo mozemba ngati wopemphetsa.

Tsopano za anawo. Ambiri a m'masukulu apulaiveti a ku Roma, Kabulonga ndi Woodlands amayamwira Chingerezi kunyumba, china n'kutola pa kanema ndi pa foni. Pakamwa ndi akatswiri, koma apatseni cholembera kuti afupikitse ndime kapena alembe kalata yofunsira ntchito, muona pamene pali ntchito yanu. Woyesa mayeso ku Examinations Council of Zambia sadzamva mawu a mwana kapena anu, adzawerenga pepala. Pezani mafunso a mayeso a zaka zapitazo, muziwalembetsa chimangirizo sabata iliyonse, n'kubweza makope msanga muli zolemba zanu zofiira zosonyeza kuti mwawerengadi mzere uliwonse. Mwana akaona kuti zotsatira zake zakwera, kuseka kumatha kokha.

Akaseka katchulidwe, musapse mtima, chifukwa chimene akufuna n'chomwecho. Lembani liwulo pa bolodi, mufunse ana atatu alitchule. Mudzamva matchulidwe atatu, wa Chibemba mwake, wa Chitonga mwake, wa kum'mawa mwake, ndipo phunziro labadwira pomwepo. Muwabweretserenso mabuku a kwawo, monga Patchwork la Ellen Banda-Aaku, limene linatuluka mu 2011 ndipo nkhani yake imayambira mu Lusaka momwemo. Pamenepo iwo ndi amene azikufotokozerani malo ndi makhalidwe, inu n'kumawaonetsa mmene wolemba amamangira chiganizo.

Za Chichewa cha abusacho, sekani nawo. Chinyanja cha mu Lusaka chinasakanikirana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, ndipo n'cha eni ake. Mwana akati "Ba teacher, nifuna kuyenda panja," musamukonze, poti sanakulembeni ntchito yophunzitsa Chichewa cha ku Dedza. Chiphunzireni, chidzakuthandizani m'minibasi ndi pamsika.

Kusungulumwa kwanu ndikukumvetsa. Roma ndi dera la mipanda yaitali, mawaya a magetsi pamwamba, zipata zachitsulo zimene zimatsegulidwa galimoto ikaliza hutala n'kutsekedwanso pomwepo. Mutha kukhalamo chaka osamudziwa wa khomo loyandikana nalo. Koma m'mawa uliwonse mumakumana ndi anthu ochokera ku Ng'ombe akudzagwira ntchito m'mipandamo. Tsiku lina Loweruka alondoleni komwe achokerako, mukagule ndiwo ndi makala pamsika wawo, mukhale ndi mayi mmodzi amene muzigula kwa iye nthawi zonse mpaka akudziweni dzina. Lamulungu musagone. Mpingo wa CCAP uli ndi sinodi yake ku Zambia, Reformed Church in Zambia imaimba m'chilankhulo chimene mukuchimva, ndipo Akatolika ali ndi parishi ku Roma komweko. Lowani kwaya kapena mphakati, chifukwa tsiku lodwala ndi anthu amenewo amene adzabwere ndi phala. Kalembetseninso ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Kabulonga. Ndipo kumapeto kwa Ogasiti, ngati mapepala ali bwino, pitani ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana pamaso pa Kalonga Gawa Undi.

Za magetsi sindichulutsa gaga m'diwa, poti Mmalawi saphunzitsidwa mdima. Zambia imadalira kwambiri madzi a ku Kariba, ndipo chilala cha 2024 chinachititsa kuti magetsi azizima pafupifupi tsiku lonse. Gulani nyali yadzuwa ndi mbaula, makope muzichongera ku sukulu kukali kowala. Akumudzi auzeni zoona za lendi ndi mtengo wa thumba la ufa, muike ndalama imodzi yodziwika pa mwezi, yodutsa njira zovomerezeka. Inanso muzibisa padera, yokwanira basi ya ku Chipata ndi ulendo wofika ku Dedza, ndipo imeneyo isakhudzidwe ngakhale kutabwera foni yolira chotani.

Ndiye mupirire kapena mubwerere? Ana, mdima ndi kusungulumwa n'zopiririka, ndipo pofika temu yachitatu zambiri mudzakhala mutazizolowera. Koma ngati sabata ino itha lisiti isanaoneke, tulani choko pansi, mutuluke m'dziko masiku anu asanathe. Kadikireni pemiti kwanu, kapena mufunsire pa sukulu ina imene imatsata malamulo. Wotuluka yekha pa Mwami angathe kudzalowanso mwezi wamawa ali ndi mapepala m'manja, pamene wothamangitsidwa ndi boma amatsekeredwa khomo, ndipo sukulu imangolemba mphunzitsi wina Lolemba lotsatira.

Ndine Azakhali anu.