Kodi ndikazulitse mano omatidwa ndi chitsulo?

Adokotala,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Kanyama ndipo ndimagulitsa salaula. Ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Ndili mtsikana anandimata mano awiri am'mbuyo ndi chinthu chotuwa ngati chitsulo, ndipo mpaka lero sanandipwetekepo. Tsono mlamu wanga waona pa WhatsApp kuti m'chitsulomo muli mercury, poizoni amene angalumalitse mwana m'mimba. Apongozi akuti ndikazulitse mano onse awiri ndisanachire. Tulo sindikuona. Ndichite bwanji?

Mayi wodandaula, Kanyama

Amayi,

Musazulitse manowo, ndipo musalole kuti wina akolokose chomatacho pamene muli ndi pakati.

Alamu anu sananame kuti muli mercury. Chomatacho timachitcha amalgam, ndipo pafupifupi theka lake ndi mercury. Chotsalacho ndi siliva, mkuwa ndi zitsulo zina. Madokotala a mano akhala akuchigwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 150 chifukwa n'chotchipa, n'cholimba, ndipo sichichita manyazi ndi malovu. Chikauma, mercury amamangika m'kati mwa zitsulozo. Kanthunzi kochepa kamatulukabe mukamatafuna, koma kwa munthu wathanzi muyeso wake sunapezeke kuti umadwalitsa. Nthunzi yochuluka imatuluka nthawi ziwiri: pomata ndi pochotsa. Ndiye mukapita lero kuti akabowole chomata cha zaka zambiri chimene chakhala phee, mudzapuma mercury wambiri tsiku limodzi kuposa mukadangochisiya. Mwana amene mukufuna kumutetezayo ndiye mwamuika pa mphepo.

Za kuzula ndiye ndikukanizani kwamtuwagalu. M'makomboni mwathu muno anthu ambiri amafika kuchipatala dzino litaola kale mpaka kumizu, ndipo chotsala chimangokhala kuzula. Inu muli ndi mwayi wa mano amene anapulumutsidwa nthawi ikadalipo. Dzino la munthu wamkulu silimeranso. Auzeni apongozi mwaulemu kuti dokotala wati mano osapweteka sazula.

Koma chomata chatsopano ndi nkhani ina. Mayiko anagwirizana mu 2013 pa pangano la Minamata, lochepetsa mercury pa dziko lonse, ndipo Zambia ili momwemo. Mu 2022, pa msonkhano wa ku Bali, anaonjezera kuti amalgam asamaikidwe m'kamwa mwa amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osafika zaka 15, pokhapokha dokotala ataona kuti palibe njira ina. Mayiko a European Union analetsa amalgam kuyambira January 2025. Choncho dzino lina likabooka panopa, uzani dokotala kuti ndinu woyembekezera, ndipo mupemphe chomata choyera, composite kapena glass ionomer. Amene ali ndi matenda a impso achitenso chimodzimodzi.

Mwina mufunsa kuti ngati chilibe vuto m'kamwa, n'chifukwa chiyani mayiko akuchithawa. Chifukwa chachikulu chili kunja kwa kamwa. Dzina la panganolo linachokera ku Minamata, tauni ya asodzi ku Japan, kumene fakitale ya Chisso inkatayira madzi a mercury m'nyanja. Mu 1956 madokotala anazindikira matenda achilendo: anthu kunjenjemera, kulephera kuyenda ndi kulankhula, ndipo pambuyo pake ana kubadwa olumala ubongo. Anthuwo anali atadya nsomba za m'nyanjamo. Mercury akafika m'matope, tizilombo timamusandutsa mtundu woopsa kwambiri umene umaunjikana m'nsomba.

Tiziduswa timene timagwa tikamabowola amalgam tikatsukidwira mu sinki, timapita ndi madzi. Dzino lozulidwa likaponyedwa pamoto pamodzi ndi thonje ndi majekeseni, mercury amauluka ndi utsi n'kudzatera kwina. Inu a ku Kanyama mukudziwa bwino mmene madzi alili pafupi: pansi ndi mwala wamabowo, mvula ikagwa zimbudzi ndi zitsime zimasakanikirana. Malo otere si otayirapo chitsulo chimene sichiola. Ichi ndi chifukwa chake ine ndimati anzanga a ntchito ino asunge zotsala za amalgam m'botolo lotseka, aike zosefera pa mapaipi, ndipo a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, aziyendera zipatala za mano kuona kumene zinyalalazi zikupita. Udindo umenewu ndi wathu, si wa wodwala.

Pali kwina kumene ndikufuna muyang'ane, amayi, chifukwa kumandidetsa nkhawa kuposa mano anuwo. Mafuta ndi sopo zina zoyeretsa khungu zogulitsidwa m'misika zili ndi mercury, ndipo nthawi zambiri sizilembedwa pa botolo. Ameneyo amalowa pakhungu tsiku ndi tsiku, amaononga impso, ndipo amafika kwa mwana m'mimba ndi m'mkaka. Ngati mumadzola, lekani lero.

Mukapita ku sikelo, pemphani kuti akuoneni mano. Kupimitsa mano muli ndi pakati kulibe choopsa. Tsukani kawiri pa tsiku ndi mankhwala a fluoride, makamaka pogona, ndipo muchepetse shuga mu tiyi. Chomatacho chikasweka, dzino likayamba kupweteka kapena nkhama zikatupa, pitani kuchipatala msanga, osadikira kuti muchire.