Mfuti siigulidwa ngati njinga: zimene lamulo la Zimbabwe likunena

Abale anga, phunziro la mwezi uno ndalembera makamaka inu amene mumapita kukagwira ganyu kapena ulonda m'mapulazi a ku Mazowe, Bindura, Banket, Karoi ndi Marondera, komanso amene muli ndi achibale m'makomboni a kumeneko. Nthawi yokolola fodya kumamveka nkhani za munthu amene akutsatsa mfuti motchipa, kapena akufuna kuisiya ngati chikole cha ngongole. Ndikufuna tione chifukwa chake malonda otere ndi msampha, ngakhale wogulitsayo mukumudziwa bwino.

M'dziko muno muli lamulo lotchedwa Firearms Act, Chapter 10:09. Limanena kuti munthu sangagule, kulandira kapena kusunga mfuti ndi zipolopolo popanda chiphaso cha apolisi. Chiphasocho chimalemba dzina la mwini wake, mtundu wa mfuti ndi nambala imene inadindidwa pachitsulo chake, ndipo zonsezi zimasungidwa m'kaundula wa apolisi ku Central Firearms Registry ku Harare. Choncho mfuti iliyonse yovomerezeka ili ndi dzina la munthu kumbuyo kwake. Ikapezeka m'manja mwa wina, funso loyamba la wapolisi limakhala lakuti yafika bwanji.

Wofuna chiphaso amayamba wafufuzidwa. Amamutenga zidindo za zala kuti aone ngati anapalamulapo mlandu. Amafunsidwa chifukwa chenicheni chofunira mfutiyo, monga kuteteza mbewu ndi ziweto ku nguluwe ndi anyani, kulondera ndalama za bizinesi kapena kusaka nyama. Apolisi amaonanso ngati ali ndi kabati yachitsulo yokhoma yosungiramo. Akachipeza chiphasocho chimatha pakapita zaka zitatu, ndipo amayenera kukachikonzetsanso. Ena amadandaula kuti njirayi ndi yaitali. Ine ndimaona kuti kutalikako n'kumene kumatsekereza munthu wamkwiyo amene akufuna mfuti lero kuti akathane ndi mnzake mawa.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pa malonda a anthu awiri okha. Amaganiza kuti poti mwini mfuti ali ndi chiphaso, akhoza kugulitsa kwa aliyense, n'kulemberana kalata pamaso pa mboni ngati mmene timachitira ndi njinga kapena mbuzi. Ayi ndithu. Chiphaso cha wogulitsa sichisamukira kwa wogula. Wogula ayenera kukhala ndi chake cholola mfuti yomweyo, wogulitsa achione ndi maso, ndipo apolisi adziwitsidwe kuti asinthe dzina m'kaundula. Zikapanda kutero onse awiri alakwa. Wogula akusunga mfuti mopanda chilolezo, mlandu umene umapititsa munthu kundende, ndipo wogulitsa dzina lake likadali pamfutiyo, moti ikakaphera munthu ku Chinhoyi apolisi adzagogoda pakhomo pake. Kubwereka, kupatsidwa ngati mphatso kapena kungosungira mnzanu usiku umodzi, zonsezi ndi kukhala ndi mfuti.

Mungafunse kuti mfuti zoyendayendazi zimachokera kuti. Alimi ambiri a mapulazi akuluakulu anali ndi mfuti zolembetsedwa. Kuyambira 2000, mapulazi atayamba kulandidwa ndi kugawidwa, eni ake anachoka, ena mwadzidzidzi, ndipo si katundu yense amene anatsata mwini wake. Palinso mfuti za anthu omwalira zimene ana amangosunga ngati chuma chamasiye, ndi za makampani amene anatsekedwa. Apolisi anatchula magulu otere mu 2022, pamene Pulezidenti Mnangagwa analengeza kuti kuyambira pa 8 Ogasiti mpaka pa 30 Sepitembala aliyense apereke mfuti yopanda mapepala kupolisi osaimbidwa mlandu. Chikhululukirocho chinatsamira pa pangano la mayiko a SADC loletsa kufala kwa mfuti, limene linasainidwa ku Blantyre mu 2001. Koma chinali ndi tsiku lothera. Musamve za m'maluwa kuti mpaka lero mukhoza kungopita nayo.

Kwa inu alonda, mfuti imene bwana wakupatsani ndi ya pulazi kapena kampani, ndipo mapepala ake ali m'dzina lawo. Musanaigwire funsani ngati malamulo akukulolani inuyo kuinyamula, ndipo muone pepala, osati kungomva pakamwa pa kapitawo. Pemphani kuti pakhale buku losainira poitenga ndi poibweza, lolembamo nambala yake ndi kuchuluka kwa zipolopolo. Ngati bukulo palibe, lembani nokha m'kope mwanu tsiku ndi nthawi. Chipolopolo chimodzi chikasowa, wosauka ndi amene amayamba kulozedwa chala. Ntchito ikatha, ngakhale bwana akhale ndi ngongole ya malipiro anu, musatenge mfuti ngati chikole. Za malipiro zili ndi njira yake ku ofesi ya zantchito.

Ife othawa kwawo nkhaniyi imatilemera kuposa nzika. Pangano la 1951 lokhudza othawa kwawo limati tiyenera kumvera malamulo a dziko limene latilandira, ndipo limalola boma kuchotsa munthu m'dziko pa zifukwa za chitetezo ndi bata. Mlandu wa mfuti ukhozanso kuononga mwayi wosamutsidwira kudziko lina, poti kumeneko amafufuza mbiri ya munthu. Ndiponso kampu ndi malo a anthu wamba. Mfuti imodzi ikapezeka m'nyumba imodzi, chipikisheni chimagwera tonse, ndi ana omwe.

Mukaipeza m'munda, m'shedi ya fodya kapena m'katundu wa malemu, musainyamule n'kuyenda nayo pamsewu, chifukwa pa rodibuloko simudzakhala ndi chosonyeza. Isiyeni pomwepo, thamangitsani ana, ndipo kauzeni apolisi apafupi kuti adzaitenge okha. Ngati Chishona kapena Chingerezi chikukuvutani, bwerani ku ofesi ya kampu, mmodzi wa ife odzipereka adzakuperekezani kukamasulira.