Mankhwala Akalephera Kawiri: Phunziro la Schizophrenia Yosamva Mankhwala

Lero tikambirana za odwala amene mudzakumana nawo ndithu mukadzayamba ntchito, kaya pa chipatala cha kwanu kaya ku Zomba Mental Hospital. Awa ndi odwala schizophrenia amene akumwa mankhwala, koma mawu amene amamva sakuleka, kukayikira anthu sikukutha, ndipo abale afika potopa. Mu 2022 bungwe la WHO linati padziko lonse munthu mmodzi mwa anthu 300 anali ndi matendawa. Mwa odwalawo, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse sathandizika mokwanira ndi mankhwala amene timayambira.

Tiyambe ndi muyezo. Mu 2017 akatswiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana kuti matenda tiziwatchula osamva mankhwala pokhapokha wodwala atayesedwa mitundu iwiri ya mankhwala, mtundu uliwonse kwa masabata osachepera 6, pa mlingo wokwanira wofanana ndi mamiligalamu 600 a chlorpromazine patsiku, ndipo pali umboni wakuti anamwadi magawo 80 mwa 100 a mankhwala amene anapatsidwa. Mfundo yomalizayi ndi imene ambiri amailumpha. Wodwala akabwera asanasinthe, musathamangire kulemba mankhwala atsopano. Funsani gadiyani amene amasunga mapiritsi. Werengani otsala m'kapepala. Yang'anani m'buku la kuchipatala ngati panali miyezi imene anabwezedwa chifukwa mankhwala anatha, kapena imene sanabwere chifukwa ndalama ya thiransipoti inasowa. Funsani za chamba ndi mowa, mofatsa, pamene makolo atuluka. Funsaninso mankhwala ena amene akumwa, chifukwa rifampicin wa TB ndi carbamazepine wa khunyu amafulumizitsa chiwindi kuphwanya haloperidol ndi risperidone, moti wodwala akhoza kumamwa tsiku lililonse koma mankhwalawo m'magazi ali ochepa. Ndipo dzifunseni ngati ilidi schizophrenia, pakuti khunyu, HIV ndi chindoko chofika ku ubongo zimasokonezanso mutu. Kukayika kukapitirira, jakisoni wokhalitsa monga fluphenazine kapena haloperidol decanoate amayankha funsolo bwino kuposa mafunso athu onse, malinga mumupatse miyezi inayi kuti aonetse mphamvu yake.

Tsono tinene kuti zonsezi mwaziona, ndipo matenda sakumvadi. Chimene manja amayabwa kuchita ndi kukweza mlingo, kapena kuwonjezera mtundu wachiwiri pamwamba pa woyamba, kenako wachitatu. Kuti muone chifukwa chake izi sizithandiza kwenikweni, kumbukirani mmene mankhwalawa amagwirira ntchito. Kuyambira pa chlorpromazine, amene Jean Delay ndi Pierre Deniker anayamba kupatsa odwala ku Paris mu 1952, pafupifupi onse amatseka timalo ta mu ubongo totchedwa D2, pamene dopamine amafikira. Mu 2000 Shitij Kapur ndi anzake ku Toronto anajambula ubongo wa odwala amene ankamwa haloperidol, ndipo anaona kuti wodwala amayamba kupeza bwino timaloti tikatsekedwa pafupifupi magawo 65 mwa 100, koma tikayandikira magawo 80 thupi limayamba kuuma ndi kunjenjemera. Mpata wa pakatipo ndi wochepa. Ukaupyola, mapiritsi owonjezera amangobweretsa zowawa popanda phindu. Kafukufuku wina wa ku London anasonyezanso kuti mwa odwala ambiri osamva mankhwala, ubongo supanga dopamine wochuluka monga zimakhalira mwa odwala anzawo. Ndiye kuti ukulimbikira kutseka chitseko chimene wakuba sanalowerepo.

Zowawa za mankhwala a masiku onsewa muyenera kuzidziwa ndi maso, osati pamtima pokha. Haloperidol ndi fluphenazine amaumitsa khosi ndi nsagwada, amatembenuzira maso m'mwamba, amayendetsa munthu mokhwekhwereza miyendo, ndipo ena amawasowetsa mtendere moti sangakhale pampando ngakhale mphindi zochepa. Kusakhazikika kumeneku ambiri amakuyesa kukula kwa matenda, nawonjezera mankhwala omwewo amene akuyambitsa vutolo. Benzhexol, amene odwala amamutcha Artane, amathandiza kuuma ndi kunjenjemera, koma sathandiza kutafunatafuna ndi kutulutsa lilime kumene kumabwera patapita zaka, ndipo nthawi zina amakukulitsa. Chlorpromazine amagonetsa, amachititsa chizungulire munthu akaimirira, ndipo amapsereza khungu padzuwa, chinthu chachikulu kwa mlimi. Risperidone amakweza prolactin: amayi amasiya kusamba, mawere amatuluka mkaka, abambo mphamvu za m'banja zimachepa, ndipo palibe amene adzakuuzeni izi mukapanda kufunsa. Olanzapine amanenepetsa ndi kuyandikitsa matenda a shuga. Kusinthana pakati pa mankhwalawa n'kwanzeru pamene vuto lili zowawa. Koma mitundu iwiri ikalephera kuchiza, mwayi woti wachitatu wa gulu lomweli achize ndi wochepa kwambiri.

Mankhwala amene ali ndi umboni wolimba pa odwala amenewa ndi amodzi okha, clozapine. Mbiri yake ikufotokoza chifukwa chake madokotala amamuopa. Anapangidwa ku Switzerland ndi kampani ya Wander chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Mu 1975 ku Finland odwala angapo amene ankamwa clozapine maselo awo oyera a m'magazi anatsika mpaka kutheratu, ndipo 8 anamwalira ndi matenda amene thupi silinathenso kulimbana nawo. Mayiko ambiri anamuchotsa. Anabwerera chifukwa cha kafukufuku wa John Kane ndi anzake ku America mu 1988. Iwo anatenga odwala amene mankhwala ena anali atawalephera, ena nawapatsa clozapine, ena chlorpromazine. Patatha masabata 6, odwala 30 mwa 100 alionse a clozapine anapeza bwino, pamene a chlorpromazine anali 4 okha mwa 100. Wodwala akapatsidwa miyezi ingapo, chiwerengero cha opeza bwino chimakwera. Clozapine amachepetsanso kuyesa kudzipha, ndipo kawirikawiri saumitsa thupi ngati haloperidol. Mu 2013 WHO inamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Komabe ngakhale ku London, kumene labotale si vuto, kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti odwala ankachedwetsedwa pafupifupi zaka zinayi asanamuyambe, ambiri akuunjikiridwa mankhwala ena m'zaka zimenezo. Kwa mnyamata wa zaka 22, zaka zinayi ndi sukulu yonse ya ukachenjede.

Tsopano tiyeze kuopsa kwake, chimodzichimodzi, chifukwa apa ndi pamene ntchito yanu ili.

Kutha kwa maselo oyera otchedwa neutrophil kumagwera munthu wosakwana mmodzi mwa 100, ndipo kawirikawiri kumachitika m'masabata 18 oyamba. N'chifukwa chake ku Britain ndondomeko yakhala yoyeza magazi sabata iliyonse kwa masabata 18, kenako masabata awiri alionse mpaka chaka chithe, kenako kamodzi pamwezi. Kwathu kuno chenjezo lake liyenera kunenedwa mwa mtundu wina. Munthu akatentha thupi, aliyense pakhomo amati ndi malungo, ndipo amathamangira panado wa pagolosale. Wodwala amene ali pa clozapine akatentha thupi kapena kumva zilonda zakukhosi, ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo ndi kuyezedwa maselo a magazi, ngakhale kachipangizo ka malungo katasonyeza kuti malungo alipodi. Zinthu ziwirizi zikhoza kubwera pamodzi.

Palinso nkhani imene imatikhudza ife anthu akuda makamaka. Ambiri a ife maselo ofiira athu alibe chizindikiro chotchedwa Duffy, chibadwa chimene chimateteza ku malungo a mtundu wa vivax. Anthu otere mwachibadwa amakhala ndi ma neutrophil ochepa m'magazi oyezedwa, koma sadwaladwala, ndipo chitetezo chawo chili bwinobwino. Miyezo yoyambirira ya clozapine inatengera magazi a azungu, choncho kwa zaka zambiri odwala akuda ku Britain ndi ku America ankakanizidwa kapena kusiyitsidwa mankhwalawa popanda chifukwa chenicheni. Pambuyo pake malamulo anasinthidwa. Ku America munthu wamba amayamba ma neutrophil ake akakhala 1,500 kapena kuposa pa mayikulolita imodzi ya magazi, koma wa chibadwa chimenechi amaloledwa kuyambira pa 1,000. Choncho yezani magazi kangapo musanayambe, kuti mudziwe pamene munthuyo amakhala akakhala bwino. Mukapanda kutero mudzasiyitsa mankhwala amene amamuthandiza chifukwa cha nambala imene anabadwa nayo.

Vuto limene ine ndimaliopa kwambiri ndi lina, ndipo ndi limene anthu amaliseka: kudzimbidwa. Clozapine amachedwetsa matumbo. Chimbudzi chimauma, mimba imatupa, matumbo akhoza kutsekeka, kuola ngakhale kuphulika. Kumene magazi amayezedwa mwadongosolo, matumbo tsopano amapha odwala ambiri kuposa kutha kwa maselo oyera. Odwala ambiri sadandaula, mwina chifukwa cha manyazi, mwina chifukwa samva kupweteka msanga. Funsani pa ulendo uliwonse kuti anapita liti kuchimbudzi komaliza. Limbikitsani madzi, ndiwo zamasamba, zipatso ndi kuyenda, perekani mankhwala ofewetsa chimbudzi msanga, ndipo musamuphatikizire benzhexol popanda chifukwa chomveka, poti nayenso amaumitsa m'mimba. Wodwala wosanza, wotupa mimba, amene sanachite chimbudzi masiku angapo, ndi wofunika kuonedwa ndi madokotala a opaleshoni usiku womwewo.

Zotsalazo tidutsemo mwachangu. M'miyezi iwiri yoyamba mnofu wa mtima ukhoza kutupa: kutentha thupi, kupweteka pachifuwa, befu ndi mtima wothamanga zikabwera pamodzi, imitsani mankhwala ndi kufufuza. Mlingo ukakwera kwambiri munthu akhoza kugwa ngati wa khunyu. Kunenepa ndi shuga n'zofala, choncho sikelo, BP ndi shuga ziyezedwe kuyambira tsiku loyamba. Dovu lotuluka usiku limanyowetsa pilo ndi kuchititsa manyazi, ndipo likatsamwitsa limabweretsa chibayo. Tulo ndi chizungulire zimachepa mukakweza mlingo pang'onopang'ono kuchokera pa mamiligalamu 12.5. Wodwala akadumphitsa maola oposa 48 asanamwe, sabwerera pa mlingo wake wakale. Amayambiranso pansi, apo ayi akhoza kukomoka.

Samalaninso zimene akumwa pambali. Utsi wa fodya umafulumizitsa chiwindi kuphwanya clozapine, choncho wosuta akagonekedwa m'chipatala n'kusiya fodya mwadzidzidzi, mankhwala amachuluka m'magazi pa mlingo womwe uja. Ciprofloxacin nayenso amachulukitsa clozapine m'magazi, ndipo matenda aakulu monga chibayo nawonso amakweza mlingo wa m'magazi. Rifampicin amautsitsa. Carbamazepine saphatikizidwa ndi clozapine chifukwa onse awiri amakhudza mafuta a m'mafupa kumene magazi amapangidwa. Bactrim ndi zidovudine amatsitsanso maselo oyera, choncho wodwala amene ali pa ma ARV afunika kuti inu ndi a kukiliniki yake mukambirane musanayambe chilichonse.

Nanga clozapine naye akalephera? Zimachitika, ndipo zimachitika kawirikawiri. Kumene n'kotheka, yezani mlingo wake m'magazi, umene uyenera kufika mananogalamu 350 pa mililita, ndipo dikirani miyezi itatu pa mlingo umenewo musanagamule. Pambuyo pake ena amawonjezera aripiprazole kapena amisulpride, koma umboni wake ndi wofooka. Chithandizo cha magetsi chotchedwa ECT chinathandiza theka la odwala otere mu kafukufuku wa Georgios Petrides wa mu 2015, ngakhale odwala ake anali ochepa. Uphungu, kuphunzitsa banja ndi kumupezera wodwala chochita zimapitirira pa gawo lililonse.

Chomaliza cha lero ndi mmene chigamulo chimapangidwira. Clozapine amayambitsidwa ndi katswiri wa matenda a ubongo, pamalo pamene labotale ingathe kuyeza magazi sabata ndi sabata ndipo mankhwala sadukiza. Ngati zimenezi palibe pamene mukugwira ntchito, udindo wanu ndi kutumiza wodwala msanga ndi kalata yomveka: mankhwala amene anayesedwa, mlingo wake, masabata angati, anamwadi kapena ayi, zowawa zimene anaona, ndi zotsatira za magazi zimene muli nazo. Wodwala ndi gadiyani wake auzidwe zabwino ndi zoopsa zomwe m'mawu amene angawabwereze kunyumba, ndipo afunsidwe ngati angakwanitse ulendo wa sabata iliyonse kwa miyezi inayi yoyamba. Sabata yamawa mubwere ndi kalata yoteroyo, yolembera wodwala wongopeka wa zaka 26 amene walephera pa haloperidol ndi risperidone, ali pa ma ARV, ndipo amasuta fodya.