Chitetezo cha Amisiri Okonza Nyali za pa Bwalo la Ndege

Ndege ikamatera usiku pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, woyendetsa amadalira nyali: zobiriwira poyambira msewu wa ndege, zoyera m'mbali mwake ndi zofiira pothera. Nkhani ino ikufotokoza chifukwa chake mmisiri wokonza nyalizi sayenera kudalira zimene anazolowera pa magetsi a m'nyumba.

M'nyumba zathu mphamvu ya magetsi imakhala pafupifupi mavolti 230 nthawi zonse, ndipo mawaya akagundana fyuzi imapsa, magetsi n'kuzima. Pa bwalo la ndege sizili choncho. Nyali zambiri zimalumikizidwa pa chingwe chimodzi chozungulira, ngati mikanda, ndipo iliyonse imakhala ndi kathiransifoma kake kuti babu limodzi likapsa zinzake zisazime. Makina otchedwa constant current regulator amaonetsetsa kuti magetsi oyenda m'chingwecho asachepe, kuti nyali yakutali iwale mofanana ndi yapafupi. Nyali zikawala kwambiri, m'chingwemo mumayenda maampu 6.6.

Ngozi yagona pamenepa. Munthu akalumula chingwe magetsi akuyenda, makinawo amakweza mphamvu pofuna kuti magetsi apitirire, ndipo imatha kufika mavolti masauzande angapo. N'chifukwa chake zingwezi amazipanga kuti zipirire mavolti 5,000. Ngakhale makinawo amadzizimitsa chingwe chikaduka, kamphindi kameneko n'kokwanira kupha munthu. Choopsa china n'chakuti magetsi akadutsa m'thupi la mmisiri, makinawo sadziwa kuti ndi munthu. Amangomuona ngati nyali ina yowonjezera.

Tsono mmisiri achite chiyani? Choyamba, adziwitse a ku nsanja yowongolera ndege, chifukwa nyalizi amaziyatsa ali komweko ndipo akhoza kuziyatsa masana kukachita chifunga. Chachiwiri, azimitse makinawo m'chipinda chake, akhome ndi loko wake, apachikepo chikwangwani cha dzina lake, kiyi aike m'thumba. Chachitatu, asakhulupirire maso: nyali yozima ikhoza kukhala ndi babu lopsa pamene chingwe chili ndi moto. Ayeze ndi mita yopanira pa chingwe, ndipo mitayo ayambe waiyesa pamalo ena a magetsi kuti atsimikize kuti ikugwira ntchito. Chachinayi, alumikize chingwecho ku nthaka asanachigwire. Asagwire ntchito yekha, ndipo mphezi zikayamba kung'anima achoke pa bwalo, pakuti chingwe chachitali chimatha kutenga mphamvu ya mphezi yogwa patali.

Pomaliza, taona kuti luso la magetsi a m'nyumba silikwanira pa bwalo la ndege. Ndege ikayandikira, mmisiri amakakamizika kufulumira, koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Babu lopsa amagula lina; mmisiri akapita sabwerera.