Nkhwazi ya ku Senga Bay ndi ndege zopanda injini

Mwezi wa October chaka chatha ndinapita ndi ophunzira anga a Fomu 3 ku Senga Bay kuti tikayeze kutentha kwa mchenga ndi kwa madzi. Ntchitoyo inali yachidule, koma inasokonekera cha m'ma 11 koloko, mtsikana wina ataloza kumwamba n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nkhwazi ija sikukupiza mapiko, nanga ikukwera bwanji?" Tonse tinayang'ana. Inalidi kuzungulira pamwamba pa phiri la Senga, mapiko ali tambalala, n'kumachepa m'maso mpaka kukhala ngati kadontho. Ndinayankha mwachangu kuti ndi mphepo, yankho la mphunzitsi amene akufuna kubwerera ku zimene anakonzekera. Lero ndikufuna ndibweze ngongole imeneyo, ndipo kuti ndiyankhe bwino ndiyenera kukutengerani kaye ku Ulaya.

Kuli ndege zina zimene zilibe injini n'komwe. Dzina lake ndi glider. Amaikoka ndi chingwe, kaya ndi ndege ina kaya ndi makina okulunga chingwe ali pansi, ikafika m'mwamba woyendetsa amamasula chingwecho, basi watsala yekha ndi mphepo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, anthu a ku Germany analetsedwa kuuluka. Ndege zopanda injini anawalolanso mu 1951, zaka zingapo asanawalole za injini, choncho achinyamata ofuna kuuluka anathamangira kumeneko. Pafupi ndi phiri la Wasserkuppe, pakampani ya Alexander Schleicher, munthu wina dzina lake Rudolf Kaiser anakonza ndege yotchedwa Ka 6, imene inauluka koyamba mu 1955. Inali ya matabwa opyapyala ndi nsalu, mapiko ake kuchokera nsonga kufika nsonga mamita 15. Heinz Huth anapambana nayo mpikisano wa dziko lonse mu 1960 ndi mu 1963. Ku Czechoslovakia anapanga Blaník mu 1956, yachitsulo chopepuka, yokwera anthu awiri, ndipo anapanga zoposa 3,000; anthu ambirimbiri anaphunzirira kuuluka m'menemo.

Tsopano nayi mfundo imene ndikufuna muigwire, chifukwa ena onse amachokera apa. Glider nthawi zonse imakhala ikutsika mu mpweya umene ili. Palibe matsenga. Ili ngati njinga yotsetsereka pa Salima Road kuchokera kumtunda kwa Dowa, woikwera osapalasa: mphamvu yoyendera ikuchokera ku kutsikako. Funso ndi lakuti, ikatsika mita imodzi, yapita kutsogolo mamita angati? Nambala imeneyi imatchedwa glide ratio. Ya Ka 6 ndi pafupifupi 29, ya Blaník 28. Tiyeni tiwerengere kwathu konkuno. Kuchokera ku Senga Bay kufika pa boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 20. Ka 6 itakhala mamita 1,000 pamwamba pa gombe, mphepo kulibe, ikhoza kuyenda makilomita 29 isanagunde pansi. Ndiye kuti pa boma ifika, n'kutsalabe ndi mamita ngati 300 ozungulira nawo kufunafuna potera. Wopanda dontho la mafuta, m'dziko lino loti timagona pamzere wa petulo!

Koma nanga mtunda wautali? Pa 25 April 1972 Hans-Werner Grosse ananyamuka ku Lübeck ku Germany pa glider ya ASW 12 n'kukatera ku Biarritz ku France, makilomita 1,460. Mtunda umenewu ukuposa kutalika kwa Malawi yense, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Kutsetsereka kokha sikungafikitse munthu pamenepo. Iye ankakwera, kutsetsereka, kukweranso, tsiku lonse. Apa ndi pamene tikumanenso ndi nkhwazi yathu.

Tsiku lija mchenga unkawotcha moti anyamata ovula nsapato ankadumphadumpha, pomwe madzi anali ofunda pang'ono chabe. Dzuwa ndi limodzi, koma kuti mutenthetse kilogalamu ya madzi ndi digiri imodzi pamafunika majoule pafupifupi 4,200, pomwe mchenga wouma umafuna ngati 800. Komanso madzi amasakanikirana, kutentha n'kumwazikira pansi, pomwe pamtunda kumangounjikana pamwamba. Choncho nthaka, miyala ya paphiri, malata ndi minda yotenthedwa zimafunditsa mpweya umene wagona pamwamba pake. Mpweya wofundawo umafutukuka, umapepuka kuposa wozungulira, kenako umanyamuka ngati chipilala chosaoneka. Chimenechi ndicho thermal. Mwachionapo kale: kamvulumvulu amene amanyamula fumbi ndi mapepala pabwalo la sukulu mu October ndi phazi la thermal yamphamvu. Mutu wake nthawi zambiri ndi kamtambo koyera konga thonje, kosalala kunsi kwake, pamene nthunzi ya mu mpweya wokwerawo yazizira n'kusanduka timadontho.

Masamu ake ndi kuchotsera basi. Tinene kuti glider ikutsika mamita 0.7 pa sekondi, koma mpweya umene yalowamo ukukwera mamita 2 pa sekondi. Kwa munthu amene ali pansi, ndegeyo ikukwera mamita 1.3 pa sekondi. M'mphindi 10 yapeza mamita 780. Ikutsika ndithu, koma ikutsika m'chinthu chimene chikukwera mofulumira kuposa iyo. Kuzungulira kuja n'kofuna kuti isatuluke m'chipilalacho, chifukwa m'mbali mwake mpweya umakhala ukutsika. Woyendetsa ali ndi kachipangizo kotchedwa variometer komuuza ngati akukwera kapena akutsika. Nkhwazi imangomva m'thupi.

Chinthu china ndikufuna mukadzionere nokha. Masana a tsiku lotentha imani pagombe muyang'ane kumtunda, kenako kunyanja. Kawirikawiri mudzapeza timitambo tambiri pamwamba pa mtunda, pomwe pamwamba pa nyanja pali mbee. Nyanja masana simabala ma thermal. Mpweya wozizira wa panyanja umathamangira kumtunda kukalowa m'malo mwa umene wakwera, ndiye kamphepo kayaziyazi kamene mumamva kumaso masana. Usiku zimatembenuka, kamphepo kamachokera kumtunda. Asodzi izi amazidziwa bwino kuposa ine, ngakhale m'nyengo ya mwera mphepo yaikuluyo imaphimba zonsezi. Mbalame zouluka maulendo aatali nazo zimadziwa. Adokowe oyera a ku Ulaya, amene ena amafika mpaka kuno nthawi ya dzinja, sadutsa pakati pa nyanja ya Mediterranean. Amazungulira kudzera ku Gibraltar kapena ku Bosphorus, pamene madzi ndi opapatiza, chifukwa pamwamba pa madzi angafunike kukupiza mapiko mpaka kulefuka. Mwina n'chifukwa chake a ku Poland glider yawo ya 1952 anaitcha Bocian, kutanthauza dokowe.

Za mapiko ndinena mwachidule. Kunsonga kwa phiko mpweya wa pansi umazembera pamwamba n'kupanga kamvulumvulu amene amabweza ndege m'mbuyo. Phiko lalitali, lopyapyala, limachepetsa vutoli. Kachiwiri, phiko liyenera kukhala losalala kwambiri, ndipo matabwa amapindika ndi chinyezi. Mu 1957 Richard Eppler ndi Hermann Nägele a ku Stuttgart anaulutsa Phönix, glider yoyamba ya fibreglass, zofanana ndi zimene amapangira maboti ena amene mumawaona pagombe. Glide ratio yake inafika pafupifupi 40. ASW 12 ya Grosse ija inali cha m'ma 46. Patangopita zaka zochepa, matabwa anasiyidwa m'mipikisano. Ine pandekha Ka 6 ndiyo imandisangalatsabe, chifukwa kalipentala waluso akhoza kumvetsa chilichonse cha m'menemo.

Ndiye wopambana ndani, mbalame kapena ndege? Katswiri wina wa ku Britain, Colin Pennycuick, anatenga glider yokhala ndi kainjini kakang'ono, ya Schleicher yomweyo, n'kumauluka limodzi ndi miimba ku Serengeti ku Tanzania, ndipo zimene anapeza anazifalitsa mu 1972. Pa kutsetsereka molunjika, ndege inkazisiya mbalamezo. Koma m'kati mwa thermal, miimba inkazungulira pang'onopang'ono m'kabwalo kakang'ono, pakati penipeni pamene mpweya ukukwera mwamphamvu, pamene ndege singakwanemo. Mapiko a mbalamezi ndi aafupi, otambalala, okhala ndi nthenga zotanyuka ngati zala kunsonga, pakuti mbalame iyeneranso kunyamuka yokha pansi, kutera mumtengo, n'kupinda mapikowo. Glider ilibe ntchito zimenezo.

Ntchito ya sabata ino nayi. Pindani ndege ziwiri zapepala, ina ya mapiko aafupi, ina ya aatali. M'kalasi, mazenera otseka, ikankheni pang'ono chabe kuchokera pa utali umene mwayeza, tinene mamita 1.5, osati kuiponya ngati mwala wa pa mango. Yezani mtunda umene yayenda, gawani ndi 1.5. Bwerezani kasanu, mutenge avereji. Mukapeza 4 kapena 5 musadandaule, za ophunzira anga zambiri zinathera pamenepo. Amene apitirire 8 andilembere m'munsimu mmene wapindira pepala lake, ndipo anene zoona ngati zenera linali lotseka.