Phunziro: Zimene Gulu la Baobab Likuphunzitsa pa Utsogoleri wa Opanga Mapulogalamu

Munthu wa ku Usisya amadziwa kuti msewu wokwera mapiri kupita ku Mzuzu si wamasewera, makamaka dzinja likafika, ndipo wofuna kukafika ku boma la Nkhata Bay nthawi zambiri amadikira Ilala kapena boti. Komabe ntchito za makompyuta zinafika kale m'derali. Chiphaso cha unzika chimene anthu analembetsa mu 2017, kalembera wa mabanja a Mtukula Pakhomo, ndalama zotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba (wa pa foni, osati Mpamba wa pamsewu wa ku Mzuzu uja), zonsezi zimayenda chifukwa kwinakwake kuli kagulu ka anthu kamene kanalemba pulogalamu yake. Kagulu kotere kakatsogoleredwa molakwika, wovutika ndi mayi amene dzina lake lasowa pamndandanda. N'chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza ngakhale msodzi amene sanagwirepo kompyuta.

Chitsanzo chomveka bwino m'dziko muno ndi bungwe la Baobab Health. Linayambitsidwa ndi a Gerry Douglas, katswiri wa makompyuta wochokera kunja, ndipo mu 2001 linaika makina ake oyamba pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene tsopano chimatchedwa Kamuzu Central. Mavuto amene gululo linapeza ndi odziwika kwa aliyense amene anakhalapo pabenchi la chipatala: mzere wautali, ogwira ntchito ochepa, magetsi othimathima, ndiponso makalaliki ndi anamwino ambiri amene anali asanagwiritsepo kompyuta.

Njira yapafupi ikanakhala kugula makompyuta a muofesi, kuitanira anamwino ku maphunziro a sabata imodzi, kenako n'kuwadzudzula kuti sakumva. Gululi linasankha kuti ophunzira akhale opanga pulogalamu eni ake. Linatenga timakina totchipa totchedwa I-Opener, timene ku America tinali titasiya kupangidwa, n'kutikonza kuti tizigwira ntchito pongokhudza galasi ndi chala. Pagalasipo pankabwera funso limodzi nthawi imodzi, mabatani ake aakuluakulu. Wodwala akalembetsa, makina ankasindikiza kapepala komata kokhala ndi timizere ta nambala yake, n'kumatidwa pakabuku ka kuchipatala. Akabweranso, kabukuko kankangounikidwa ndipo mbiri yake inkatuluka. Magetsi akathima, makinawo ankapitiriza ntchito ndi mabatire. Pulogalamu yotere silembedwa ndi munthu amene sanaimepo m'chipinda cha namwino n'kuona mmene manja ake amatanganidwira. Ntchito yoyamba ya mtsogoleri ili pamenepa: kuchotsa anthu ake pampando ndi kuwatumiza kumene pulogalamuyo ikagwire ntchito.

Kuphunzirako sikunathere pomwepo. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala zake, ndipo odwala anachuluka kwambiri moti kuwerengera makadi pamanja, pokonza malipoti a miyezi itatu iliyonse, kunkadya masiku. Mu 2006 Baobab inaika pulogalamu ya ma ARV pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Pa ntchito imeneyi gululo linagwiritsa ntchito chida cholembera mapulogalamu chotchedwa Ruby on Rails, chimene chinali chitangotuluka mu 2004, pamodzi ndi kasungidwe ka mbiri za odwala ka OpenMRS. Tanthauzo lake n'lakuti anthu amene anali akatswiri kale anayenera kukhalanso ana a sukulu. Mu ntchito imeneyi zida zimasintha mofulumira, ndipo amene waleka kuwerenga amafanana ndi msodzi amene akuponyabe khoka pamalo pamene usipa unasamukapo kalekale.

Mmodzi mwa Amalawi amene anatsogolera ntchito za mapulogalamu ku Baobab ndi a Soyapi Mumba. Polankhula pamsonkhano wa TEDGlobal ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2017, iwo anafotokoza kuti gulu lawo linakakamizika kuphunzira zambiri kuposa kulemba mapulogalamu: kukonza zamagetsi, kumanga nsanja zolumikizira zipatala, ndi kukonza makina akawonongeka. Palibe sukulu imodzi imene imaphunzitsa zonsezi. Zimaphunziridwa pa ntchito, ngati mtsogoleri wapereka mpata.

Mpatawo umaperekedwa bwanji? M'magulu oyendetsedwa bwino, zimene wina walemba sizilowa mu pulogalamu mnzake asanaziwerenge, ndipo wamkulu nayenso amapereka zake kuti wamng'ono aziunike. Watsopano amakhazikidwa pa kompyuta imodzi ndi wozolowera, wina akulemba, wina akuyang'ana, kenako n'kusinthana. Kusintha kulikonse kumasungidwa, ndi dzina la wosintha ndi chifukwa chake, kuti zikalakwika athe kubwerera pamene zinali bwino. Chovuta kwambiri ndi tsiku limene pulogalamu yagwa. Mtsogoleri akafunsa kuti "ndani wachita zimenezi?", mawa lake aliyense amabisa cholakwa chake, ndipo cholakwa chobisika m'pulogalamu ya chipatala chingapatse munthu mankhwala olakwika. Akafunsa kuti "chinalola kuti zimenezi zidutse n'chiyani?", gulu lonse limaphunzira. Kunena zoona, pali makomiti a chitukuko ambiri amene funso lachiwirili lingawathandize kuposa ndalama.

Kwa anthu a ku Usisya, ntchito ya Baobab yoyandikira kwambiri moyo wawo ndi ya mu 2013, m'mudzi wa Chalasa kwa Mfumu Yaikulu Mtema ku Lilongwe. Kumeneko, kopanda magetsi a ESCOM, kunaikidwa makina oyendera mphamvu ya dzuwa olembera anthu a m'mudzi, obadwa ndi omwalira, m'malo mwa kaundula wa pepala wa amfumu. Mawu a pagalasi anali a Chichewa. Pambuyo pake ntchitoyo inafalikira m'midzi ina ya m'deralo. Gulu limene linazolowera zipatala za m'tauni linayenera kuphunziranso mwatsopano: mmene mudzi umawerengera mabanja, ndi amene ali ndi udindo wolemba dzina la mwana.

Achinyamata a pa Usisya CDSS amene mtima uli pa ntchitoyi adziwe kuti njira ilipo, ngakhale njokwera ngati msewu wa kwawo. Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa za makompyuta. Mumzinda womwewo muli Mzuzu E-Hub, ndipo ku Lilongwe kuli mHub, imene anayambitsa a Rachel Sibande. Maphunziro aulere alipo ambiri pa intaneti, koma amafuna Chingerezi, masamu ndi bandulo, ndipo bandulo ndiyo imagwetsa ambiri. Anayi kapena asanu akasonkherana n'kumaphunzira pa foni imodzi, akuwerengerana zimene alemba, ndiye kuti ayamba kale kuchita zimene magulu aakulu amachita.

Makomiti a VDC ndi ADC nawo ali ndi mbali yawo. Bungwe likabwera ndi matabuleti, kaya ndi a alangizi a zaumoyo kaya a kalembera, mamembala asachite manyazi kufunsa ngati opanga pulogalamuyo anafikapo kudera ngati lino asanailembe, ngati imagwira ntchito netiweki ikasowa, ndi kumene dandaulo limapita dzina la munthu likalakwika. Afunsenso ngati mayina a Chitonga ndi Chitumbuka amalembeka bwino, komanso ngati ophunzitsidwa ndi angapo, chifukwa wophunzitsidwa yekha uja akakwera Ilala kukafuna ganyu, tabuleti imatsala m'kabati. Mayankho ake alembedwe m'maminitsi, ndipo khansala wa wodi apite nawo kukhonsolo.